Mayi a Nsalu Yopanda Msoko

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1967, achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo anali telala, ndipo maso a bambowo atayamba kufooka, malemu ndi amene ankawalowetsera ulusi pa singano. Sukulu anayamba mu 1973. Mu 1989 anamaliza maphunziro a sayansi, ndipo chaka chomwecho analembedwa ntchito mu labotale ya yunivesite, momwe agwiramo zaka makumi atatu ndi zisanu.

Pa 14 Ogasiti 1993 anamanga banja ndi bambo akhala patsogolo apawa, omwe ndi dalaivala wa basi.

Ambirife ntchito ya malemu sitinkaimvetsa. Ankatenga kambale ka golide kochepa ngati chikhadabo, n'kukatsuka, n'kukaika m'makina opopedwa mpweya wonse. M'menemo ankawazamo mamolekyu, tinthu tosaoneka ndi maso, kuti tilumikizane pamwamba pa golideyo n'kupanga kansalu kotchedwa polima, kochindikala molekyu imodzi yokha. Ankatiuza kuti kansaluko kamayamba ngati kadontho, n'kumafutukuka. Timadontho tikayamba tambirimbiri nthawi imodzi, pokumana timasiya misoko, ndipo m'misokomo ndi momwe kamang'ambikira. Choncho tiziyamba tochepa, tizikula mosafulumira, kutentha kukhale kokwanira kuti molekyu yokhala molakwika imasuke n'kukhalanso bwino. Amuna awo ankawaseka kuti mwana wa telala wakalamba akusoka nsalu yoti sinafundidwepo ndi munthu. Malemu ankangowaonjezera shuga mu tiyi.

Mu labotale monse, kansalu kopanda msoko kankatuluka m'manja mwa malemu okha. Sikuti ankabisa nzeru. Ankalawirira kukayatsira anzawo makina, ndipo mvula ikagwa ambulera yawo inkapita ndi mayi wokolopa. Koma apulofesa akawapempha kuti alembe njira yawo, ankati adzalemba akadzapuma pantchito, poti zina ankazidziwira m'makutu, pomvera kulira kwa pampu.

Pa 2 Febuluwale 2024 anagwa m'khonde la kuntchito. Madokotala anati ndi sitiroko, ndipo dzanja lamanja linafa. Atangoyambanso kulankhula, anatuma bambo kuti akagule kope loti alembemo njira ija. Nthawi yoona odwala ikakwana, malemu ankanena, bambo n'kumalemba mawu oti sanawamvepo chibadwire. Akalakwitsa, malemu ankagogoda bedi ndi chala. Tsiku lina ankalemba mizere iwiri, tsiku lina umodzi.

Pa 20 Malichi anafika pa sitepe yachisanu ndi chiwiri. Malemu anati, "Mukachepetsa moto musatsegule. Mudikire mpaka…" Belu lotulutsa alendo linalira, ndipo iwo anati atopa, amalizitsa mawa. M'mawa mwake sitiroko yachiwiri inawalanda mawu.

Kwa masabata anayi bambo ankabwerabe ndi kope lija, cholembera chili m'thumba la malaya. Ankawawerengera mzerewo n'kudikira. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka. Anzawo akuntchito anabwera n'kumafunsa ngati n'kudikira ola limodzi, kapena mpaka pampu isinthe kulira. Malemu ankafinya dzanja pa funso lililonse mofanana, mwina pongothokoza kuti abwera. Anzawowo anayesa kanayi potsatira kopelo, ndipo kanayi konse munatuluka misoko. Atawaonetsa chithunzi chake, malemu anayendetsa chala chakumanzere pamsoko umodzi, kenako anatembenukira kukhoma. Ife tinangoima mozungulira bedi, manja ali lende. Tinapemphera, poti china chochita panalibe.

Pa 16 Epulo, dzuwa likutuluka, Ambuye anawaitana.

Malemu asiya bambo, ana atatu, zidzukulu ziwiri ndi achemwali awo mmodzi. Tikuthokoza namwino yemwe kuyambira tsiku limene belu linadula mzere uja ankachita ngati sanawaone bambo belu likalira. Tikuthokoza mayi wokolopa amene ankabwera Loweruka lililonse kudzawapesa tsitsi, ampingo, anansi, ndi akuntchito omwe anyamula bokosi.

Apulofesa anapempha kope lija. Bambo anawalola kujambula masamba onse, koma lenilenilo ali nalo m'thumba la jekete pano. Pansi pa mzere uja sanalole kuti munthu alembepo.

Mulungu amene anawapatsa manja aja awalandire, ndipo mzimu wa mayi athu uuse mumtendere.