Mapiritsi a Pansi pa Nsalu

Bambo wina wokonza mafiriji anabisa paketi ya mapiritsi m'bokosi la masipanala kwa masiku asanu ndi anayi, mtima ukuwira. Tsiku lakhumi analowa m'sitolo ya mankhwala, nadikira kuti anthu athe, kenako anaiponya pakauntala pamaso pa mayi wogulitsa, munthu amene ankayankha funso monga lafunsidwira basi.

"Mayi, tandiuzani. Izi n'chiyani?"

Mayi uja anakonza magalasi ake. "Mapiritsi, bambo."

"Ndikuona kuti si mabatani! A chiyani?"

"Akumwa."

Bamboyo anapumira m'mwamba. "Ndinawapeza m'kabati mwa akazi anga, pansi pa nsalu. Taonani kumbuyoku: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Sindine mwana ine. Awa ndi olera."

"Si olera."

"Ndi olera! Mwana wathu womaliza ali ndi ndevu, ndiye akulera chiyani? Komanso ineyo masiku ano..." Anasuzumira kukhomo, natsitsa mawu. "Ndimangofikira kugona."

"Kugona n'kwabwino, bambo."

"Sindinabwere kudzayamikiridwa! Ngati si ine, ndi ndani? Ndaitana kale alamu anga, akubwera Loweruka kudzamva zimene mlongo wawo akuchita."

"Akazi anuwo ali ndi zaka zingati?"

"Makumi asanu ndi ziwiri."

"Ndiye kuti akusiya kusamba."

"Ha! Mwayamba kutukwana? Akazi anga amasamba katatu patsiku. Thawulo siliuma kwathu!"

"Ndikunena kusamba kwa pamwezi."

"Pamwezi! Mkazi wanga azisamba kamodzi pamwezi ngati bulangeti?"

Mayi uja anapinda manja pakauntala, nayamba kulankhula pang'onopang'ono. "Mzimayi akafika msinkhu umenewu, m'thupi mwake mumachepa zinthu zina zotchedwa mahomoni. Mapiritsiwa saletsa mimba ayi. Amangobwezeretsa zimene zikusowa."

"Zikusowa!" Bamboyo anadzimenya pachifuwa. "Akulengeza kuti kunyumba kukusowa zinthu? Ine ndilipo!"

"Inu simuli mahomoni."

"Nanga zikasowa chimachitika n'chiyani?"

"Thupi limatentha mwadzidzidzi. Thukuta kamukamu. Mtima umathamanga."

"Ehee! Mwaulula nokha. Umathamangira ndani?"

"Suthamangira munthu. Umangothamanga."

"Palibe chothamanga chopanda kolowera, mayi. Anawapatsa ndani mapiritsiwa?"

"Dokotala."

"Wamwamuna?"

Mayi uja anayang'anitsitsa paketi ija. "Sizinalembedwe."

"Amaonana kangati?"

"Ayenera kumaonana pafupipafupi. Mankhwalawa sayanja aliyense, ndiye dokotala amayeza kuthamanga kwa magazi, amafunsa ngati mwendo ukutupa, amaonetsetsanso kuti mabere ayezedwa."

Bamboyo anagwira kauntala ndi manja onse awiri. "Bwerezani chomalizacho."

"Mabere."

"Onse?"

"Alipo awiri, bambo."

Bamboyo anatulutsa mpango, nadzipukuta m'khosi. Mumtima ankaona kale mnyamata wovala gauni loyera, wa mano onse, wonunkhira bwino.

"Tamverani," anatero akuloza ndi chala. "Za kutentha ndi kuzizira musandiphunzitse. Zaka makumi atatu ndikukonza mafiriji. Atadandaula kuti akutentha, ndinagula fani. Atadandaulanso, ndinagula yachiwiri. Pano kuchipinda kuli mafani atatu, ine ndimagona nditavala jekete. Mwamuna achitenso chiyani?"

"Munawafunsa kuti akumva bwanji?"

"Firiji suifunsa. Umangomvetsera mmene ikulirira."

"Akazi anu ali ndi waya kumbuyo?"

"Ayi!"

"Ndiye muziwafunsa." Mayi uja anawerenga mapiritsi otsala ndi chala. "Mwawatenga liti amenewa?"

"Lero ndi tsiku lakhumi."

"Mwalakwa. Akasiya mwadzidzidzi, zonse zimatha kubwerera. Kutentha, kusowa tulo, kupsa mtima."

Nkhope ya bamboyo inawala ngati wapambana mlandu. "Apo ndiye ndakugwirani! Akugona ngati khanda. M'mawa uno amaimba nyimbo akusita malaya anga, mpaka anandifunsa kuti, 'Bambo, simunataye kanthu?' uku akumwetulira. Mzimayi wolandidwa mankhwala amaimba? Pali wina akumuimbitsa!"

Mayi uja anatembenuza paketi, nawerenga dzina lolembedwa pakapepala komata. Kenako anakoka dirowa, natulutsa kalata yopinda panayi.

"Mukanayamba ndi dzina, bwenzi titamaliza kale. Akazi anu anabwera sabata yatha ndi chikalata cha dokotala kudzatenga paketi ina. Anasiya izi, kuti ndikuwerengereni mukabwera."

Bamboyo anasuzumira kalata ija. "Anadziwa bwanji kuti ndibwera kuno?"

"Zimenezo sanalembe. Alemba kuti: 'Amuna anga akabwera ndi paketi yanga, musawakalipire. Ndi munthu wabwino. Mungowayang'anako m'makutu.'"

"M'makutu? Makutu anga ali bwinobwino! Firiji ikalira molakwika ndimaimva ndili panja!" Anatsamira kauntala. "Chimene ndikufunsa n'chimodzi. Ngati panalibe chobisa, bwanji sanandiuze?"

Mayi uja anatembenuza kalata ija kuseri.

"Alemba kuti anakuuzani katatu. Kachitatuko munayankha kuti 'chabwino,' ndipo kwa dokotalako munawaperekeza ndinu."