Thanki imene inakana moto

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni kuchokera kuno pa Mwanza boma. Lero ndikufuna ndichitire umboni za thanki imene inatsala pang'ono kundichotsa pa malo amene ndimapezerapo chakudya.

Ndimapanga sopo. Kositiki, mankhwala owotcha opangira sopo amene ndimasungunula m'madzi, ndinkamusunga m'thanki yakuda yamadzi, monga ambiri timachitira. Inang'aluka m'munsi, pafupi ndi mpopi. Mmisiri wowotcherera zidebe wa kumsika anaimata ndi chitsulo chamoto, koma inang'alukanso pambali pa chigambacho. Mankhwala anayenderera mpaka pa mtengo wa manachesi wa eni malo, a Saidi, mtengowo n'kuuma.

A Saidi sanakalipe. "Mayi, lero ndi mtengo. Mawa adzakhala adzukulu anga. Zikachitikanso, mutsanzike."

Ndinasiya kupanga sopo, ndipo makasitomala anayamba kupita kwina. Ndinapemphera mwachidule: Ambuye, sindikumvetsa chimene chikung'amba thanki iyi, ndiwonetseni.

Yankho linabwera litavala ovolosi. A Zuze, dalaivala wa thiraki wa ku Tete amene amanyamula mankhwala a m'mafakitale, anabwera kudzagula sopo wochotsera girisi akudikira kuwoloka malire. Anagogoda thanki yanga n'kuseka.

"Mama, mwamusenzetsa bulu katundu wa thiraki."

Ndinawafunsa mafunso ambiri, ndipo zimene ndinaphunzira ndi izi. Mathanki ambiri ndi a pulasitiki yotchedwa poliyethilini, koma si yamtundu umodzi. Ina, monga HDPE, ili ngati udzu wongoyalidwa: imasungunuka ndi moto, choncho imawotchereka, koma mng'alu ukayamba umayenda. Ina, XLPE, ili ngati mphasa yolukidwa: siwotchereka, koma imapirira mng'alu. Makulidwe a khoma nawonso ndi nkhani. Yanga inapangidwira madzi, pomwe kositiki wosungunula amalemera kuposa madzi, ndiponso ndinkamuthira akadali wotentha.

"Imeneyo yosamva moto ndingaipeze kuti?" ndinafunsa.

A Saidi, amene ankamvetsera ali pakhonde la sitolo yawo, anaimirira. "Mwati yosamva moto? Tabwerani."

Kuseri kwa sitolo yawo kunali thanki yokhuthala, yosagwirapo ntchito, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Anaigula ku Mozambique kuti azisungiramo madzi, koma mmisiri uja atayesa kuwotchererapo paipi, pulasitikiyo inangoda osasungunuka. Onse anagwirizana kuti a Saidi anawagulitsa chinthu chachinyengo.

A Zuze anapukuta fumbi, n'kupeza zilembo zinayi zija za XLPE pakhoma pake. "Achimwene, mwakhala mukutukwana thanki yabwino. Imeneyi mpopi wake ndi womanga ndi mabawuti, osati moto."

"Ndiye nkhuku zanga zigona kuti?" anatero a Saidi, akuyamba kale kuikankhira kumene ndimapangira sopo.

Lero thankiyo ili pa simenti, pamthunzi, yozunguliridwa ndi kakhoma, ndipo kositiki amalowamo atazizira. Sinadonthepo. Inu osunga mankhwala, funsani wogulitsa mtundu wa pulasitiki ndi mankhwala amene ingasunge, chifukwa palibe thanki yoyenera zonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mlendo wa ku Tete ndi Msilamu mnansi wanga, a Saidi, tsiku limodzi. Musafooke popemphera, abale. Ine ndinkalira pamene yankho linali kuseri kwa sitolo, nkhuku zitalizungulira. Pamalo pa mtengo wouma paja ndinadzalapo mbande ya nachesi, ndipo amene amaithirira ndi a Saidi.