Miyendo ya Bambo a Mkwatibwi

Pa mzere wogula mapapaya mumsika wa ku Klaten, mayi wina anasendera pa benchi kuti bambo wachikulire akhale. Bamboyo anakana akuseka.

"Zikomo mayi, ndingoima. Ndatuluka mudzi."

"Ii, pepani! Nanga mukusekeranji?"

"Nditaona magazi ndinkati ndi khansa. Mwana wanga Lestari akukwatiwa Loweruka, ndiye ndinkati ukwatiwo sindiuona. Koma adokotala akuti ndi mitsempha chabe yatupa. Ndizidya mapapaya ndi masamba, ndizimwa madzi ambiri, ndizikhala m'beseni la madzi ofunda, kuchimbudzi osakakamiza. Basi!"

"Loweruka lomweli? Bambo inu, mwaiwala mwambo? Si inu mudzakhazike mkwati ndi mkwatibwi pamiyendo panu, wina uku wina uku?"

"Mukuyesa mapapaya asanu ndikudzagulawa ngachiyani?"

"Mkamwiniyo ngwochepa thupi?"

"Ayi ndithu. Matumba awiri a mpunga."

"Mayo! Nanga mayi a mwana akadzakufunsani pamaso pa anthu kuti wolemera ndani?"

"Mwambo umati ndiyankhe kuti n'chimodzimodzi, onse ndi ana anga. Ndidzayankha asanamalize n'kufunsa komwe!"