Mzere umene ndinaimapo

Omvera anzanga, ndinadziwa kuti zavuta pamene apongozi sanayankhe moni wanga. Dzulo lake bakhansala anati tisankhe malo okumbapo chitsime poima pamizere. Ine ndinaima pamzere wofuna chitsime kusukulu, osati wa abale a amuna anga, onse akuona.

Masana alamu anabwera ndi mpini. "Mlamu, madzi akusukuluwo udzamwa ndi pakamwa pati?" Anandimenya pakamwa, mwana ali kumsana. Kachiwiri mpini unapita pafupi ndi mutu wa mwanayo. Amuna anga anangoyang'ana pansi.

Sindinalire. Ndinabisa zovala za ana m'ndowa, n'kusenza ngati ndikupita kumtsinje, mwana wanga wamkulu ali patsogolo. Titafika pamsewu tinakwera minibasi ya ku Chinyunyu, kwa amayi. Ndowayo sinabwerere.