Voti Imodzi ya Pulofesa Kachingwe

Malemu Pulofesa Blasius Kachingwe anabadwa pa 14 Malichi, 1961, kuno ku Utale. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ndipo ine amene ndikuyankhula ndine mng'ono wawo, Brighton.

Anayamba sukulu kumishoni kuno mu 1968, ndipo mu 1981 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Masiku amenewo nkhani za ndale zinkakambidwa monong'ona, munthu akucheukacheuka, koma achimwenewa anali ndi khutu loyabwa. Atamaliza analembedwa ntchito kwa a DC ku Machinga Boma. Mu 1987 anakwatira mayi Ethel a ku Ulongwe.

Mu 1991 anapita kunja kukazama m'maphunziro a zandale. Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 anazimvera pa wailesi ali kutali, ndipo zinawawawa kwambiri. Atabwerako mu 1996 ndi digiri ya udokotala anayamba kuphunzitsa, ndipo mu 2011 anakhala pulofesa.

Achimwene sankatenthetsa mpando. Lero ali mu msika wa Liwonde kufunsa amayi ogulitsa nsomba chimene amasankhira phungu, mawa ali pamsonkhano kunja. Alamu athu, mayi Ethel, ankawaseka kuti pakhomo pawo pomwe anali mlendo. Analemba mabuku atatu a demokalase, anaphunzitsa anthu amene ena a iwo lero ndi akuluakulu m'boma.

Koma abale, pali chimene ambiri simukuchidziwa, ndipo anatilamula kuti tichinene pano. Mpaka chaka chino, munthu ameneyu anali asanavotepo. Ankati wofufuza ali ngati woimbira mpira, samenya nawo. Tsiku la chisankho ankazungulira malo ovotera ndi cholembera, kuyang'ana mizere ya anzawo. Ife zinkatinyansa, ndipo tinkawauza.

Mu 2019 mwana wawo Sellah, povota koyamba, anawafunsa mmene mtima umamvera munthu akaima yekha mobisika muja. Kuyambira pamenepo mtendere unawathawa. Chisankho chobwereza cha 2020 chinawapeza dzina lawo mulibe m'kaundula, ndiye anangoonerera ngati kale.

Mu 2023 anawapeza ndi matenda a impso. Mantha awo sanali imfa iyayi, koma kupita asanavote. Kalembera atayamba mu 2024 anabwera kudzalembetsa kwawo kuno, akuyenda ndi ndodo.

Pa 16 Sepitembala, 2025, tsiku la chisankho, anali atagonekedwa kuchipatala ku Blantyre. Madokotala anawachenjeza kuti ulendo ungawapweteke. Alamu analira, ine ndinakalipa, koma iwo anali atavala kale nsapato. Tinafika kuno masana. Oyang'anira anawapempa adutse kutsogolo monga wodwala, iwo anakana, nakaima kumapeto kwa mzere, padzuwa, atatsamira phewa la Sellah. Atatuluka anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira. Amene anamuvotera sanatiuze, ngakhale akazi awo.

Tinawabwezera kuchipatala madzulo omwewo, koma thupi linali litatopa. Anatisiya pa 20 Sepitembala, zotsatira zisanalengezedwe. Kunena zoona, mpaka pano mtima wanga sunakhazikike, chifukwa galimoto ya ulendo uja ndinayendetsa ndine.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Ethel, ana atatu, Sellah, Wadson ndi Kumbu, komanso zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, abambo mfumu ndi akwaya, aphunzitsi anzawo ndi ophunzira awo, ndi abale athu achisilamu a ku Ulongwe amene agona nafe kuno.

Tithokozenso abambo amene anasambitsa thupi. Anapeza inki yovotera ikadali pachala, nafunsa ngati aichotse. Amayi anamfedwa anati aisiye, apite nayo.

Achimwene, Mulungu aulandire mzimu wanu, uuse mumtendere.