Eni Ake Abwere Adzatenge

LOLEMBA

Omvera athu, nthawi ya zilengezo yakwana. Tiyamba ndi ichi, ndipo tichiwerenga monga momwe achilembera.

Mayi wamasiye wa kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira, akudziwitsa abale, abwenzi ndi onse amene ali ndi makutu kuti amuna awo, okonza njinga aja amene munkawatchula kuti a Chingalawa chifukwa chosunga ziweto zamitundumitundu, anamwalira mwezi watha, ndipo ambiri a inu munadya pamaliropo. Akuti a Chingalawa apita koma okwera atsala. Pakhomopo pali mbuzi, abakha osawerengeka chifukwa sakhazikika, tambala wopanda mchira, nkhumba yaikazi imene inalanda bafa, ndi bulu wokalamba wong'ambika khutu. Zonsezi si zawo.

Akuti vuto linayamba tsiku limene abusa analalikira za nkhosa yosokera. Mpingo wonse unamva ulalikiwo n'kupita kukadya. Amuna awo okha ndi amene anabwerera ndi mbuzi pakaliyala. Atawafunsa anayankha kuti, "Mayi, Ambuye amabwera ngati mlendo, ndipo sanena kuti avala chiyani." Iwo anati, "Bambo, Ambuye angabwere ndi ziboda n'kundithera masamba m'dimba?" Malemuwo anangoseka n'kupita kukamweta udzu.

Ali gone m'chipatala anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Lumbirani kuti chilichonse chosokera chofika pageti pathu simudzachithamangitsa, simudzachipha, simudzachigulitsa, mpaka mwini wake atabwera." Mayiwa analumbira chifukwa munthuyo anali akupita, ndiponso anamwino anali kuyang'ana. Tsono Mulungu anamva, ndipo iwo sasewera ndi Mulungu. Koma eni ake abwere adzatenge. Akuti atopa n'kusambira kuseri kwa nyumba atatchinga nsalu, pamene nkhumba ya eni ili gone m'bafa mwawo ngati inaperekapo njerwa.

Chilengezochi chachokera kwa akazi a malemu a Chingalawa.

LACHITATU

Mayi aja a chitseko chobiriwira abweranso. Akudziwitsa anthu onse kuti chilengezere chija palibe amene wabwera kudzatenga ngakhale nthenga. M'malo mwake ziweto zawonjezeka. Dzulo m'mawa anapeza mbuzi ziwiri zitamangiriridwa pageti. Akufunsa kuti, kodi mbuzi yosokera imayenda ndi chingwe chake n'kudzimangirira yokha, mfundo yolimba chonchi? Imodzi mwa mbuzizo ili ndi kansanza m'khosi, ka nsalu yomwe ija atelala a pamsika anasokera madiresi a kwaya.

Akuti tsopano maso awo atseguka. Udzu ukauma chilimwe, mumasokeretsa ziweto zanu mwadala, kulunjika pageti pawo. Mvula ikagwa mumabwera manja ali pamutu, "Mbuzi yanga ija ndaipeza, Mulungu ndi wamkulu," ili yonenepa, ina ndi ana kale. Amuna awo ankadziwa zonsezi koma ankati, "Mayi, mbuzi si imene yachimwa." Chabwino, mbuzi sinachimwe, ndipo ziwiri zadzulozo azimwetsa madzi. Koma inu mwachimwa.

Akuti anakumana ndi akazi a atelala kumpopi n'kuwafunsa. Iwo anati, "Amayi, musadandaule, umenewu ndi utumiki wanu." Mayiwa anati, "Utumiki wanga wavala nsalu ya amuna anu m'khosi." Akazi a atelalawo anasenza ndowa isanadzaze.

Akuuzanso akulu a mpingo, inu amene mumayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mtambo, kuti mukamadutsa mumsewu nkhumba ija imatuluka m'bafa n'kukulonjerani pampanda, inu n'kumayang'ana kumwamba ngati mukupemphera. Nkhumba sinama. Pano pali mawu ena amene sitingawerenge pa wailesi.

Wotumiza ndi mayi yemwe uja, akazi a malemu a Chingalawa.

LACHINAYI

Banja la malemu a Chingalawa, kudzera mwa mng'ono wawo, dalaivala wa lole ya kampani ya matabwa, likudziwitsa amalume a kutsidya kwa mtsinje, azakhali a kumapiri, asuweni ndi adzukulu onse kuti mawa Lachisanu masana kudzakhala msonkhano pakhomo pa malemu. Nkhani ndi yakuti nyumba ya mkulu wawo yasanduka khola, ndipo mlamu wawo mutu sukuyenda bwino, popeza wamveka akucheza ndi bulu. Banja likuona kuti ndi bwino mayiwo abwerere kwawo akapume, ndipo nyumbayo aziyang'anira ndi iwo adalaivala. Ziweto zonse, poti eni ake sanaoneke, ndi chuma cha malemu, ndipo Loweruka m'mawa zidzakwezedwa mu lole kupita kwa ogulitsa nyama. Aliyense adzabwere ndi mpando wake chifukwa ya pakhomopo inatafunidwa.

Chachokera kwa mng'ono wa malemu, m'malo mwa banja.

LACHISANU

Akazi a malemu a Chingalawa akudziwitsa abale amene sanafike kuti msonkhano uja wachitika, ndipo simunataye kanthu. Amalume anagona tulo asanatsegule nkhani. Azakhali anakhalira kupirikitsa abakha amene ankawajompha zala za kuphazi. Alamu awo okha ndi amene anayankhula, ataimirira pakhonde ngati nyumbayo ndi yawo kale.

Akuti njerwa za nyumbayo anaumba ndi iwo, ndi manja awo, nthawi imene alamuwo anali asanadziwe kupukuta mamina. Kwawo kumene akuuzidwa kuti abwerere kulibe munthu, kuli manda okhaokha. Za bulu, akuti inde amacheza naye, chifukwa chimwalirire amuna awo ndi bulu yekha amene amabwera pazenera m'mawa kudzaona ngati adzuka. M'bale sanabwerepo ndi mmodzi yemwe, mpaka lero pobwera kudzalanda nyumba.

Alamuwo anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Alamu, makiyi." Mayiwa anati, "Ali m'bafa, pamsomali. Kalowani mutenge." Alamuwo anafika pakhomo pa bafa, nkhumba inadzuka, iwo anati makiyi adzatenga mawa.

Tsono mayiwa akuti iwo ndi mkazi mmodzi, sangaimitse lole ndi chifuwa. Iwo sagulitsa kanthu, lumbiro lawo lili chiimire. Akungodziwitsa onse amene ziweto zawo zinasokera, makamaka zimene zinasokera ndi chingwe, kuti lole ikubwera mawa m'mawa ndipo ogulitsa nyama anola kale mipeni. Aliyense akambirane ndi mtima wake.

Chilengezochi n'cha mayi wa chitseko chobiriwira, amene akuti mutu wawo ukuyenda bwino kuposa lole.

LOLEMBA

Akazi a dalaivala wa lole ya matabwa akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo asowa kuyambira Loweruka. Anaoneka komaliza akuthamangira kumlatho ndi nsapato imodzi. Kumbuyo kwawo kunali atelala ndi lumo, akulu a mpingo ndi ambulera, aphunzitsi awiri ndi amayi a kwaya, onse akukuwa kuti wakuba, atawapeza akukweza ziweto zawo mu lole. Abwana a kampani anabwera kudzatenga loleyo, anaipeza yodzaza ndowe, ndipo anena kuti ntchito yatha. Osowawo ndi aafupi, a dazi, a mimba, ndipo amakonda kuyankhula m'malo mwa banja. Amene angawaone asavutike n'kuwabweretsa kunyumba, angowauza kuti zovala zawo zili panja m'thumba.

Chachokera kwa akazi awo, mothandizana ndi ana.

LACHITATU

Timaliza ndi ichi. N'chachitali, koma mayiwa aima pakhomo pa ofesi yathu ndipo akuti sachoka tisanachiwerenge chonse.

Akazi a malemu a Chingalawa akudziwitsa mpingo wonse kuti Loweruka kunachitika chozizwitsa. Eni ziweto onse anapezeka m'mawa umodzi. Atelala anaizindikira mbuzi yawo ali patali. Akulu a mpingo anakumbatira nkhumba n'kuitchula dzina. Ngakhale tambala wopanda mchira anapeza mwini. Mayiwa anatsuka bafa n'kusamba chitseko chili chotseka. Anatsala ndi bulu yekha, chifukwa iyeyo ndi amene anasokeradi zoona.

Akuti anaganiza kuti apuma. Lero m'mawa akutsegula geti anapeza munthu atakhala pansi, phazi limodzi lopanda nsapato litatupa, bulu akumunyambita dazi. Anali alamu awo.

Anati, "Mwabwerera makiyi?"

Iwo anati, "Ayi alamu. Ndilibe kolowera. Kunyumba atseka, kuntchito atseka, ndagona pansi pa mlatho."

"Ndiye mwasokera?"

"Ndasokera, alamu."

"Nenaninso, bulu amve."

Ananenanso. Mayiwa akuti anatenga tsache n'kulikweza m'mwamba, ndipo Mulungu akudziwa kuti dzanja linali lokonzeka. Pomwepo anakumbukira mawu a m'chipatala aja. Malemuwo anati chilichonse. Anawafufuza mawuwo mbali zonse kuti mwina apeza pamene anatchula za miyendo inayi, koma sanatchule. Akuti chikwatiwire sanawakwiyirepo amuna awo ngati lero. Anatsitsa tsache, anatsegula geti, anatenthetsa madzi n'kuwathowa phazi lija. Sanawathowe mofatsa ayi, koma anawathowa.

Tsono akudziwitsa amalume a kutsidya ndi azakhali a kumapiri kuti nkhani ya nyumba yatha, musavutike n'kubweranso ndi mipando. Chosokera sichilanda khola. Alamuwo azigona m'kachipinda ka zitsulo za njinga, m'mene munkagona abakha, ndipo udzu wa bulu azimweta ndi iwo. Sadzathamangitsidwa, sadzaphedwa, sadzagulitsidwa. Pa zakudya bulu aziyamba, chifukwa ndi amene anayamba kufika.

Akupempha mwini wake abwere adzatenge. Zizindikiro ndi zomwe zinalengezedwa Lolemba lapitali, kupatula mimba imene yaphwa. Amva kale kumpopi kuti akazi a alamuwo akuti adzabwera kudzawatenga mvula ikagwa, akadzanenepako. Mayiwa akuti izi sizachilendo pakhomo pawo, adikira.

Pomaliza akuti, ngati kumene muliko mumamvera wailesi, inu bambo okonza njinga, dziwani kuti lumbiro lanu lasungidwa, ndipo mlendo wanu uja wabweradi, wavala nsapato imodzi. Tikadzakumana mudzandifotokozera bwino.

Chilengezochi chachokera kwa akazi a malemu a Chingalawa, kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira. Akuti geti ndi lomwe lija ndipo chosokera chilichonse chidzalandiridwa, koma amene abwere ndi chingwe amangiriridwa nacho yekha.