Ufa Pamutu pa a Hosea Mbewe

Amene tikuwaika m'manda lero ndi a Hosea Mbewe. Anabadwa m'chaka cha 1949 ku Katete, m'dera la Mfumu Chiwanga, amene anali malume awo. Pa mwambo wathu mpando supita kwa mwana wa mfumu koma kwa mwana wa mlongo wake. Choncho a Hosea anabadwa ali kale wolowa ufumu, ngakhale palibe anawafunsa.

Sukulu analekezera Fomu 2. Mu 1970 anabwera ku Lusaka, napeza ntchito pa fakitale ya mabulangete, nakhazikika ku Kanyama. Mu 1975 anakwatira mayi Ennie Mukuka. Akuluakulu a kumudzi ku ukwatiko sanabwere, ati wolowa ufumu sangatenge Mubemba. Malemu anali a mpingo wa Reformed, ndipo ankaimba besi mu kwaya.

Fakitale itatsekedwa mu 1992, anayamba kusoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Nonse mukudziwa mmene ufa wakwerera zaka ziwiri zimenezi. Ana awo ankagona ndi njala, mvula ikagwa madzi ankalowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Nthawi yonseyo abale achifumu njira ya ku Kanyama sankaidziwa.

Anaidziwa sabata yatha, mfumu itamwalira. Lachiwiri akuluakulu anawapeza malemu ali ndi nsapato ya mwini m'manja. Anawagwira, nawathira ufa pamutu monga mwa mwambo wolonga ufumu, msika wonse ukuona, amayi akululutira. Malemu anangoti, "Imwe bakulu, ufumu ine siniufuna. Unga uyu sembe mwapasa bana banga." Anthu anaseka, ndipo akuluakulu anawalamula kuti asausase ufawo mpaka dzuwa litalowa.

Pano mbiri imayenera kunena za matenda. A Hosea sanadwale. Ana a mfumu, amene ankaufuna mpandowo, anali atatuma anthu awiri a mfuti. Anthuwo nkhope ya malemu sankaidziwa, poti anachoka kumudzi kalekale. Koma mu Kanyama monse munthu woyenda ndi mutu woyera ufa anali mmodzi yekha. Anawaombera masana, akudumpha ngalande popita kukauza akazi awo.

Kuyambira tsiku limenelo kumudzi kuli nkhondo. Midzi itatu yapsa, nkhokwe nazo zapsa m'chaka cha njala. Anthu khumi ndi mmodzi afa, amayi ndi ana akugona m'tchire. Nkhondoyo yafika ndi ku Chawama kuno ku Lusaka, komwe abale akuthamangitsana ndi zikwanje. Onse akuti akumenyera a Hosea. Tikufunsa ndi mtima wowawa: pamene ankasoka nsapato ndi njala, munali kuti? Munafuna kutenga mtembo kuti mukauonetse kumudzi, anyamata apse mtima. Amayi Ennie akana, n'chifukwa chake tili pano pa manda a Chingwere.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Ennie; ana anayi, Isaiah, Ketty, Maggie ndi Ngosa; zidzukulu ziwiri; ndi mlongo mmodzi, Felistus, amene akuwerenga mbiriyi.

Asiyanso Rex, mwana yekhayo wa mlongo wawoyo, kondakitala wa minibasi. Pa mwambo, mpando tsopano ukuyang'ana iye. Akuluakulu, takuonani kuyambira dzulo mukumuloza ndi maso, ndipo kathumba ka ufa kali pansi pa mpando wanuko takaona. Bwererani nako kwanu. Mutu wa mwana uyu simuuthira ufa.

A Hosea, apumule mu mtendere umene sitinawapatse.